Kodi Ashoka analapadi nkhondo ya ku Kalinga itatha?

Funso, lochokera kwa mayi amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale: "Ndakhala ndikuwerenga za mafumu akale a ku India. Paliponse akuti mfumu Ashoka inapha anthu ambirimbiri ku Kalinga, kenako inalapa n'kusiya nkhondo. Kodi tingazikhulupirire zimenezi, kapena ndi nthano imene anthu a chipembedzo chake anaikometsa? Nanga timadziwa bwanji za munthu amene anamwalira zaka zoposa 2,200 zapitazo?"

Zikomo mayi. Funso lanu lili pawiri, ndipo ndiyamba ndi mbali yachiwiriyo chifukwa ndi imene ititsegulire yoyambayo. Mafumu ambiri akale timawadziwira m'kamwa mwa anthu ena: alakatuli amene ankadya pabwalo pawo, ansembe amene anapatsidwa minda, kapena adani awo. Koma Ashoka analamula kuti mawu ake enieni agobedwe pamatanthwe ndi pazipilala zamiyala, kuyambira ku Kandahar m'dziko la Afghanistan mpaka ku Karnataka kummwera kwa India, ndipo ambiri mwa mawuwo akuwerengeka mpaka lero. Nkhani ya Kalinga tinaimva kwa mwini wake. Nkhondoyo inachitikadi, ndipo chisoni chakecho sanachipeke amonke a chipembedzo chake cha Chibuda. Pofunika kusamala ndi pa mawu akuti "anasiya nkhondo", ndipo tifikapo.

Ufumu umenewu anachita kuupeza. Agogo ake, Chandragupta Maurya, analanda mpando wa banja la Nanda mumzinda wa Pataliputra, pamene lero pali Patna m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, cha m'ma 321 BC, ndiko kuti zaka 321 Yesu asanabadwe. Apa n'kuti patangopita zaka zochepa Alexander wa ku Macedonia atafika ku Punjab mu 326 BC n'kubwerera, asilikali ake atakana kuwoloka mtsinje wa Beas. Seleucus, mmodzi wa akuluakulu a nkhondo amene anagawana ufumu wa Alexander, anabwera kudzafuna madera a kum'mawawo, koma mapeto ake cha m'ma 303 BC anagwirizana ndi Chandragupta: anamusiyira madera a kumadzulo kwa mtsinje wa Indus, iye n'kulandira njovu zankhondo 500. Kazembe wa Seleucus, Megasthenes, anakhalako ku Pataliputra ndipo analemba kuti mzindawo unali ndi linga lamitengo la zipata 64 ndi nsanja 570. Chandragupta atachoka pampando panakhala mwana wake Bindusara, kenako mdzukulu wake Ashoka, amene analongedwa ufumu cha m'ma 268 BC ndipo anamwalira cha m'ma 232 BC. Pamene ankalongedwa, dera lalikulu la India linali kale m'manja mwa banja lake. Kalinga, dziko la m'mphepete mwa nyanja chakum'mawa, lomwe lero ndi Odisha, linali lisanagwade.

Mawu a pamiyala aja anakhala zaka zoposa 1,000 palibe wotha kuwawerenga. Zilembo za Brahmi zimene alembi ake ankagwiritsa ntchito zinapita zisintha mibadwo ikamadutsa, mpaka anthu anasiya kuzindikira zakalezo. M'zaka za m'ma 1300 Yesu atabadwa, Sultan Firoz Shah Tughlaq anakopeka ndi zipilala ziwiri, china cha ku Topra china cha ku Meerut, n'kuzisamutsira ku Delhi. Anaitanitsa anthu ophunzira kuti amuwerengere zolembedwazo, koma onse anagwira njakata. Zinatheka mu 1837. James Prinsep, Mngelezi amene ankagwira ntchito yoyeza zitsulo pamalo opangira ndalama ku Calcutta, anali ndi makope a timizere tifupitifupi togobedwa pampanda wamiyala wa pamalo opembedzera a ku Sanchi. Anaona kuti pafupifupi kamzere kalikonse kakuthera ndi zilembo zofanana. Kodi pamalo opembedzera anthu angalembe chiyani pamwala uliwonse, mobwerezabwereza chotero? Amalemba kuti mwala uwu ndi mphatso ya uje. Liwu lomalizalo linali danam, kutanthauza mphatso. Ataphatikiza ndi zimene iye ndi anzake anali atatola kale pa ndalama zakale zachitsulo, zilembo zotsalazo zinayamba kumasuka.

Mfumu yolankhula pamiyalayo inkadzitchula kuti Devanampiya Piyadasi, ndipo liwu loyambalo limatanthauza Wokondedwa wa Milungu. George Turnour, amene ankawerenga mabuku akale a amonke a ku Sri Lanka, ndi amene anasonyeza kuti Piyadasi ndi dzina lina la Ashoka, mdzukulu wa Chandragupta. Umboni wotseka anthu pakamwa unapezeka mu 1915 ku Maski, pamwala umene unatchula Devanampiya ndi dzina lakuti Asoka pamodzi.

Tsopano za Kalinga. Akatswiri anazipatsa manambala zilengezo zikuluzikulu 14 za pamatanthwe, ndipo nkhani yanu ili mu chilengezo cha 13, chimene chikupezeka ku Shahbazgarhi ndi ku Mansehra m'dziko la Pakistan, ku Kalsi, ku Girnar ndi ku Erragudi. Chimayamba mosabisa mawu. Mfumu itatha zaka 8 ilongedwe ufumu, ndiye kuti cha m'ma 261 BC, inagonjetsa Kalinga. Anthu 150,000 anatengedwa n'kusamutsidwa kwawo, anthu 100,000 anaphedwa, ndipo ochuluka kuposa pamenepo anafa. Ziwerengero zothera ndi maziro okhaokha ngati izi ndi zongoyerekeza, musaziphunzitse ngati kalembera. Koma taonani chimene akuchita nazo. Mafumu ena ankatchula ziwerengero zotere pofuna kuopseza ndi kudzitama. Iye atangozitchula akuti akumva chisoni chachikulu chifukwa chogonjetsa Kalinga, popeza dziko likamalandidwa pamakhala kuphana, imfa ndi kusamutsidwa kwa anthu.

Ndime imene imandigwira mtima nthawi zonse ndikaiwerenga ndi yotsatirayo. Ashoka sakuimira pa ophedwa okha. Akunena za anthu amene anapulumuka osavulala n'komwe, koma anzawo, abale awo ndi anansi awo anagwa m'tsokalo, ndipo akuti kuvutika kwa okondedwa awo ndi bala kwa iwo omwe. Amenewa ndi maganizo a munthu amene waganizira za mudzi tsiku lotsatira nkhondo, pamene mayi akufunsa aliyense wodutsa ngati waona mwana wake. Kenako akuti ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100, kapena mwa magawo 1,000, a anthu amene anafa ndi kusamutsidwa ku Kalinga litavutika chotero lero, zingamupweteke mtima kwambiri. Pomaliza akuuza ana ake ndi zidzukulu zake kuti asamaganize zolanda maiko atsopano, ndipo ngati atagonjetsa anthu ndi zida, akhale oleza mtima ndi opereka chilango chopepuka.

Kuti muone kusiyana kwake, pitani m'maganizo ku Prayagraj, mzinda umene kale unkatchedwa Allahabad. Kumeneko kuli chipilala cha Ashoka, ndipo patapita zaka pafupifupi 600 mfumu Samudragupta ya banja la Gupta inalembetsa pachipilala chomwecho ndakatulo yoitamanda, yopekedwa ndi Harisena. M'ndakatulomo muli mndandanda wa mafumu amene anazulidwa, amene anagwidwa n'kumasulidwa, ndi amene ankabweretsa msonkho. Umu ndi mmene mafumu ambiri ankalankhulira pamwala. Ashoka analemba mlandu wake womwe, palibe amene anamukakamiza, ali pachimake pa mphamvu zake. Pa chifukwa chimenechi ine ndimakhulupirira kuti chisonicho chinali chenicheni.

Chilengezo cha 13 chija chimatithandizanso pa funso lanu la zaka. Chikutchula mafumu asanu Achigiriki amene Ashoka akuti uthenga wake unawafika: Antiochus, Ptolemy, Antigonus, Magas ndi Alexander wina. Antiochus II wa ku Syria ndi Ptolemy II wa ku Egypt zaka zawo timazidziwa bwino kuchokera ku mbiri ya Agiriki, choncho mayinawa ndi amene amamangirira Ashoka pakalendala.

Koma mayi, musatseke buku pamenepa. Ashoka sanabweze Kalinga kwa eni ake. Dzikolo linakhalabe pansi pake, ndi akuluakulu a boma lake ku Tosali ndi ku Samapa. Pamiyala yonse palibe pamene akunena kuti anthu 150,000 aja anawalola kubwerera kwawo, ndipo palibe pamene akunena kuti anabalalitsa asilikali. M'chilengezo cha 13 chomwecho, pakati pa mawu achisoni, akutembenukira kwa anthu a m'nkhalango za mu ufumu wake n'kuwachenjeza kuti ngakhale iye akumva chisoni, mphamvu akadali nazo, choncho asinthe kuti asaphedwe. Chilango cha imfa sanachithetsenso. Pachipilala china akuti oweruzidwa kuti aphedwe apatsidwe masiku atatu, kuti abale awo akawapepesere kwa oweruza, kapena kuti iwo akonzekere za moyo winawo. Akamalangiza za akapolo ndi antchito amati muziwasamala bwino, zimene zikusonyeza kuti ukapolo unalipobe.

Ndiye pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse. Ku Kalinga kwenikweniko kuli malo awiri amene zilengezo za Ashoka zinagobedwa: ku Dhauli, pafupi ndi Bhubaneswar m'mbali mwa mtsinje wa Daya, ndi ku Jaugada. Ku Dhauli, pamwamba pa mawuwo, mmisiri anasema njovu imene mutu wake, chitamba ndi miyendo yakutsogolo zikutuluka m'thanthwe ngati ikuyenda kubwera kwa iwe, thupi lotsalalo likadali mwala. Ukawerenga m'munsimo upeza zilengezo 1 mpaka 10, kenako 14. Zilengezo 11, 12 ndi 13 palibe. Ku Jaugada n'chimodzimodzi. Anthu a ku Gandhara, kumene kuli Shahbazgarhi, ndi a ku Gujarat, kumene kuli Girnar, amene nkhondoyo sinawakhudze, ankamva za chisoni cha mfumu. Amasiye a ku Kalinga sanachimve pathanthwe la kwawo.

M'malo mwake anawagobera zilengezo ziwiri zapadera. M'menemo akulankhula kwa akuluakulu ake a mumzinda. Akuti anthu onse ndi ana ake, ndipo monga mmene amafunira ana ake zabwino m'moyo uno ndi winawo, amafuniranso anthu onse. Akudandaula kuti zimachitika kuti munthu amangidwa kapena azunzidwa popanda chifukwa, ndipo anthu ena ambiri amavutika naye limodzi. Akutchula zimene zimalepheretsa woweruza kuchita chilungamo, monga nsanje, mkwiyo, nkhanza, phuma ndi ulesi. Akulonjeza kutumiza zaka zisanu zilizonse mkulu wosapsa mtima kuti akaone ngati malangizowa akutsatidwa. Akulamulanso kuti mawuwa aziwerengedwa mokweza pa masiku oikika, ngakhale womvera atakhala mmodzi yekha. Kwa anthu a m'malire amene sanagonje, akuti asamuope, ayembekezere zabwino kwa iye, ndipo adzawakhululukira zimene zingakhululukidwe.

Akatswiri amasiyana pa chifukwa chimene chilengezo cha 13 chinasiyidwira. Ena amati kukumbutsa anthu ogonjetsedwa chiwerengero cha akufa awo kukanakhala kutokosa chilonda. Ena amati mfumu yovomereza kulakwa pamaso pa anthu amene inawalanda dziko ikuwapatsa chifukwa choukira. Kwa ine zifukwa ziwirizi sizikutsutsana, ndipo zonse zikuloza kumodzi: Ashoka anali munthu amene chikumbumtima chinamupweteka, koma anakhalabe mfumu yodziwa kuti mawu ati akanenedwe kuti. Ananong'oneza bondo pa kukhetsa magaziko, koma zimene magaziwo anamugulira anazisunga. Ndikanakonda akanawauza anthu a ku Kalinga maso ndi maso. Sanatero, ndipo ana a sukulu ayenera kudziwa zimenezo pamodzi ndi ubwino wake.

Mwafunsa za nthano za amonke. Zilipodi, ndipo kukayikira kwanu n'koyenera, koma zimakometsa mbali ina. Buku la Ashokavadana, lolembedwa kumpoto kwa India patapita zaka mazana angapo iye atamwalira, limamujambula ali wachinyamata ngati Chandashoka, Ashoka wankhanza, amene anamanga ndende yozunzirako anthu mpaka mmonke wina anamutembenuza mtima. Mabuku a ku Sri Lanka amati anapha abale ake 99 polimbirana mpando. Mlaliki aliyense amadziwa kuti munthu akaipitsitsa poyamba, kutembenuka kwake kumamveka kwambiri. Koma chilengezo cha 5 chikutchula mabanja a abale ake ndi alongo ake monga anthu oti boma liziwayang'anira, zimene zikuvuta kugwirizana ndi nkhani ya kupha onse. Chachikulu n'chakuti mabuku amenewa satchula n'komwe nkhondo ya Kalinga monga chimene chinamusintha. Ikanakhala nkhani yopekedwa ndi amonke, tikanaipeza m'mabuku awo. Tinaipeza pamwala pokha.

Ngakhale chithunzi chimene ambiri ali nacho, cha mfumu yoyenda pakati pa mitembo n'kutembenuka tsiku lomwelo, sichichokera kwa iye. M'chilengezo china chaching'ono akuvomereza kuti anakhala wotsatira Buddha kwa zaka zoposa ziwiri ndi theka wopanda changu chenicheni, ndipo changu chinabwera atayandikana ndi gulu la amonke kwa nthawi yoposa chaka. Munthu wofuna kudzikometsa sakanalemba kuti anali wofunda chabe. Kusintha kwake kunali kwa pang'onopang'ono.

Nanga chinasintha n'chiyani chooneka ndi maso? Sitikumvanso za nkhondo ina yolanda dziko m'zaka pafupifupi 30 zimene analamulira pambuyo pa Kalinga. Chilengezo choyamba chikutilowetsa m'khitchini ya kunyumba yachifumu: kale nyama zambirimbiri zinkaphedwa tsiku lililonse kuti zikhale ndiwo, koma pa nthawi yolemba zikuphedwa zitatu zokha, mbalame za pikoko ziwiri ndi gwape mmodzi, gwapeyonso osati masiku onse, ndipo akulonjeza kuti zitatuzonso zidzalekeka. Munthu wonama akanangoti tinasiyiratu. Zilengezo zina zikunena za mankhwala a anthu ndi a ziweto, zitsime m'misewu, nyumba zopumuliramo apaulendo, minda ya mango, ndi mitengo ya banyan, ya mtundu wa kachere, yopereka mthunzi kwa anthu ndi nyama. Atatha zaka 13 pampando anakhazikitsa akuluakulu atsopano oyang'anira dhamma, ndiko kuti makhalidwe abwino amene iye ankalimbikitsa, amene ntchito yawo inafika mpaka kwa akaidi ndi okalamba. Analamulanso kuti obweretsa malipoti a anthu azimupeza nthawi iliyonse, kaya akudya, kaya ali m'nyumba za akazi ake, kaya ali m'munda wamaluwa.

Liwu lakuti dhamma musalimasulire kuti Chibuda basi. Akalifotokoza yekha amatchula kumvera makolo, kulemekeza aphunzitsi ndi achikulire, kuwolowa manja, kunena zoona, kusapha zamoyo, ndi kusawononga chuma. Ku Kandahar, pamwala umene unapezeka mu 1958 wolembedwa m'Chigiriki ndi Chiaramu, alembi ake analimasulira ndi liwu Lachigiriki lakuti eusebeia, lotanthauza kuopa milungu ndi kulemekeza oyenera ulemu. Iye mwini anali Mbuda, ndipo sanabise. Atatha zaka 20 pampando anapita ku Lumbini, m'dziko la Nepal lero, kumene Buddha anabadwira, n'kuimika chipilala ndi kuchepetsa msonkho wa mudziwo kufika pa gawo limodzi mwa magawo 8. Analamula kuti mmonke wogawanitsa gulu avekedwe zoyera n'kuchotsedwa pakati pa anzake. Mbiri ya ku Sri Lanka imati mwana wake Mahinda ndi mwana wake wamkazi Sanghamitta ndi amene anapititsa Chibuda pachilumbacho. Komabe mapanga a ku Barabar, osemedwa m'thanthwe lolimba n'kusalazidwa mkati ngati galasi, anawapereka kwa Ajivika, gulu lopikisana ndi Abuda. Ndipo m'chilengezo cha 12 akuti munthu amene amatamanda chipembedzo chake n'kunyoza cha mnzake, poganiza kuti akukweza chake, ndiye kuti akuchivulaza kwambiri. Pa ufumu waukulu wa zilankhulo ndi zipembedzo zambiri chotero, mawu amenewa anali a chikhulupiriro komanso a ndale, ndipo sindikuona chifukwa chowasiyanitsira.

Banja la Maurya silinakhalitse iye atapita. Cha m'ma 185 BC mfumu yomaliza, Brihadratha, inaphedwa ndi mkulu wa asilikali ake, Pushyamitra Shunga. Ena amati Ashoka anafooketsa ufumu ndi mtima wake wachifundo, koma ine sindikugwirizana nazo, chifukwa taona kale kuti zida sanazitaye. Ufumu wotambalala kuchokera ku Afghanistan mpaka ku Karnataka, woyendetsedwa ndi amithenga apansi ndi apakavalo, unkafuna munthu wamphamvu pakati, ndipo olowa m'malo mwake sanafikepo. Dzina lake linadzukanso m'nthawi yathu: gudumu la masipoko 24 limene lili pakati pa mbendera ya India kuyambira mu 1947 linatengedwa pamutu wa chipilala chake cha ku Sarnath, ndipo mikango ya pamutu womwewo inakhala chizindikiro cha boma mu 1950.

M'kalasi, ndikupemphani muwaikire ana chilengezo cha 13 ndi chilengezo chapadera cha ku Dhauli moyandikana, muwauze kumene chilichonse chinagobedwa, kenako muwafunse kuti mawu amene akusowa pa nkhani yonseyi ndi a ndani. Ochenjera aona msanga kuti ndi a anthu a ku Kalinga. Palibe cholembedwa chawo cha nthawi ya nkhondoyo chimene chinatifika. Kalinga inadzayambanso kudzilamulira Maurya atagwa, ndipo mfumu yake Kharavela inagobetsa mbiri yake pakhomo la phanga la Hathigumpha, makilomita ochepa kuchokera ku Dhauli. M'menemo ikunyadira kuti inapita ndi nkhondo ku Magadha, dziko limene kunali mzinda wa Pataliputra, inagwaditsa mfumu ya kumeneko, ndipo inabweza kwawo chifaniziro chopatulika chimene mfumu ya banja la Nanda inalanda kalekale. Dzina la Ashoka mulibemo.